Amai Asamukila ku Kacholola

Petauke,
29 Okutobala 2023.

Okondedwa Atate,

Ndikhulupilila kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo wabwino, inu pamodzi ndi azakhali ndi onse a kumeneko ku Mozambiki. Ine mwana wanu Rhoda ndili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino latiwotcha mpaka m'mafupa. Mvula sinagwe, koma madzulo alionse kum'mawa kumada bii, ndipo anthu ali kalikiliki kufolela nyumba ndi kusosa minda. Mtengo wa mango uja munabzala kuseli kwa shedi yanu yopalila matabwa wabeleka mpaka nthambi imodzi kuthyoka.

Takhala tikukuimbilani kuyambila mwezi watha, koma foni yanu imangoyankhidwa ndi mzimai uja wa m'makina wolankhula Chipwitikizi. Tinatumanso uthenga kudzela mwa anthu ogula nsomba ku Luangwa, yankho silinabwele. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mukafika kumapeto musanene kuti ana anga anandiyesa wakufa ndili moyo.

Mukumbukila kuti pa Pasaka, tsiku lija munakwela phili kukafuna netiweki, ndinakuuzani kuti ndapeza ntchito yatsopano. Mau anali kudukaduka, ndiye ndikuganiza kuti munangomva theka. Ndikugwila ntchito m'bungwe lina la kafukufuku ku Lusaka. Tili ndi anzathu ku Malawi, ku Tanzania ndi kwanuko, ndipo tonse tikusakasaka yankho la funso limodzi: pa chuma chonse chimene dziko limapeza pachaka, ndi gawo lanji limene boma limaika pa zinthu zokhalitsa, monga miseu, milatho, masukulu, zipatala, mijigo ndi magetsi? Tikapeza yankho la dziko lililonse, timaika pamodzi n'kuyelekeza.

Inu ndinu mmisili, ndiye ndifanizile ndi ntchito yanu. Mukagulitsa mpando, ndalama ina mumagula ufa ndi mchele, ina mumasungila sowo yatsopano. Ife timayeza ya sowoyo. Kukamba kwake n'kosavuta, koma ukalowa m'kati mutu umazungulila. Kodi kunola sowo yakale tikuike mbali iti, ya ufa kapena ya zida? Nanga sowo yogula ndi ngongole? Nanga ija ansembe anakupatsani ulele? Dziko lina limalemba kukonza mseu wakale ngati kumanga, lina silitelo, ndiye munthu wongoona mapepala angati ili ndi lakhama ilo ndi laulesi, pomwe kusiyana kuli m'kalembedwe chabe. Ndiponso pali zimene boma linalonjeza, pali zimene linatulutsa, ndipo pali zimene zaimadi pansi zoti munthu n'kuzikhudza ndi dzanja. Mbali yanga ndi yomalizayi. Anandituma ku Petauke ndi ku Nyimba chifukwa ndimadziwa njila ndi chilankhulo, kuti ndikaone ndi maso ngati chimene chili papepala chilikodi.

Mkulu wanga pantchito ndi a Eustace Mumba, bambo wa imvi, wofatsa, wosakonda phokoso. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Rhoda, ife ndife sikelo. Sikelo siilima thonje ndipo siigula. Imangonena kulemela kwake." Ndinavomela msanga, poti nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe chimene chidzaikidwe pasikelopo.

Kumayambililo kwa Seputembala a Mumba anati tikaone mseu watsopano wochokela ku boma kupita kumidzi kwathu, pamodzi ndi mlatho umene akumanga pa Nyamatondo. Atate, ndinasangalala ngati kamwana. Mtsinje uja mukuudziwa kuposa ine. Ndimakumbukila mukuwoloka mutasenza chitseko pamutu, madzi ali m'chifuwa, ife tili patsidya kukuyang'anani mitima ili m'mwamba. Ndimakumbukilanso thonje lathu likunyowa m'khonde chifukwa lole yogula yabwelela panjila. Ndinagula shuga ndi buledi kuti ndikawadzidzimutse alongo anga a Kondwelani, poti sindinawauze kuti ndikubwela.

Titayandikila mudzi tinapeza mitengo yagwetsedwa, dothi lofiila launjikidwa milu, zigalimoto zachikasu zikulila mbali zonse. Kutsogolo kwake kunali zikhomo zopakidwa penti yofiila, zosonyeza kumene mseu udzadutse. Ndinadabwa kuona kuti mzele wa zikhomozo wasiya njila yakale n'kutsetselekela kumanzele, kulunjika pathanthwe paja tinkachapila. Tinatsika m'galimoto n'kuutsata wapansi, pamodzi ndi injiniya wa mseuwo, mzimai wachitsikana wa ku Kitwe. Tili chiyendele, zikhomo zinatha mwadzidzidzi, n'kutsala maenje okha. Nditakweza maso ndinaona kuti taima m'mphepete mwa manda.

Injiniya uja anauza a Mumba kuti, "Apa pali munthu amene amatizulila zikhomo. Tikakhoma lelo, mailo m'mawa tipeza palibe. Ngodya iyi ya manda iyenela kuchoka. Mabanja ena avomela kale, latsala limodzi chabe."

Analoza. Ndinatsata chala chake, ndipo chinakathela pa mtanda wa mlombwa umene munasema inu ndi manja anu, wolembedwa TERESA FERNANDO.

A Mumba anawelenga dzinalo, anandiyang'ana, kenaka anavula chipewa. Anauza dalaivala kuti ntchito ya tsikulo yatha, akanditule kwathu.

Kunyumba ndinapeza mlamu wanga Immaculate, amake Chance, akuthilila matimati kudimba lakuseli. Atate, ngakhale mtima unali wolemela ndinatsala pang'ono kuseka. Tsinde lililonse la matimati linali lomangililidwa ku chikhomo cha mutu wofiila, mizele yowongoka bwino.

"Alamu, izi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Nanga mitengo yabwino chonchi niponye pamoto?" anatelo iwo. "Atate ake Chance akabwela nayo, ine niika pa matimati. Kumene aichotsa sinifunsa."

A Kondwelani atabwela kuchokela kumunda anandilonjela bwino, koma shuga ndi buledi sanaziyang'ane. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzile nkhani yaikulu chonchi.

"Ndikuuze chiyani iwe?" anatelo. "Si ndiwe wabwela m'galimoto yawo?"

"Si yawo, achimwene. Ife sitimanga mseu, timangoyeza."

"Yeza tsono. Amai ndi mamita angati?"

Kenaka analankhula mau amene sindinawamvepo m'kamwa mwawo chibadwile changa. Anati, "Iwe unabadwila pano, Rhoda, sukulu yako ndi ya pano, palibe amene amakufunsa kanthu. Ine ndinawoloka malile ndili kumsana. Ku Mozambiki sindikudziwako ngakhale mtengo umodzi, koma kuno ndikakangana ndi munthu pa malile a munda, mau ake omaliza amakhala akuti kwanu n'kuti. Ndipo ine ndimaloza manda aja. Amai anathamangitsidwapo kale ndi mfuti. Sathamangitsidwanso ndi thilakitala."

M'mawa mwake ndinapempha a Mumba kuti andilole ndikalankhule ndi injiniya. Anandichenjeza kuti tikayamba kupinda miseu ya eni, palibe amene adzakhulupilile zimene tidzalembe. Kenaka anati, "Ngati ukupita, siya chitupa cha ntchito m'galimoto. Upite ngati mwana wa malemu." Ndinatelo.

Injiniya uja sanandinyoze. Anayala mapu pamwamba pa galimoto n'kundionetsa zonse. Mlatho uyenela kukhazikika pathanthwe, chifukwa kumtunda ndi kumunsi kuli mchenga wokhawokha, ndipo madzi a dzinja limodzi angaukokolole. Kuti mseu ufike pathanthwepo osakhudza manda, uyenela kudutsa pa mjigo, pa nyumba za anthu ndi pa kalasi imodzi ya sukulu yathu. Anati, "Mzele uwu ndausuntha kale, mayi. Poyamba unali kutenga theka la manda onse. Nanenso kwathu tili ndi akufa athu."

Sindinangomvela mau ake. Ndinayenda ndekha mbali zonse ziwili. Ndinaima pamjigo, azimai ali pamzele ndi zigubu. Ndinasuzumila m'kalasi muja, ana akuimba alifabeti pomwe ndinkakhala ine. Ndinatsikila kumchenga, phazi likumila. Nditabwelako ndinadziwa kuti mseu uja ndikuufuna, ndipo ndikuufuna pomwe aulemba. Ndinalila, koma maganizo sanasinthe. Ndinakawauza a Kondwelani maso ndi maso, chifukwa sindinafune kuti aziganiza kuti ndili mbali yawo pomwe sindili. Kuyambila tsiku limenelo analeka kundilankhula. Ndikawapatsa moni ankayankha akuyang'ana nkhuku.

Ndinabwelela kuntchito, koma Loweluka lililonse ndinkakwela minibasi kupita kumudzi. Zinthu zinali kuipilaipila. A khonsolo anali atapeleka malo atsopano a manda pagomo lija la miyala, kuseli kwa dibi la ng'ombe, kumene ngakhale mbuzi sizikonda. A Kondwelani anati amai sakagona kumeneko iwo ali moyo. Tonse tinkakumbukilanso mau anu a tsiku limene munanyamuka kubwelela kwanu, pamene munagwada pamanda paja n'kunena kuti, "Teresa, ndikakonza malo ndidzabwela kudzakutenga." N'chifukwa chake tinkakuimbilani m'mawa ndi madzulo. Ndinafunsa ku boma za kuwolotsa mafupa a munthu pamalile, ndipo anandiuza kuti mapepala ake a maiko awili amatenga miyezi. Mvula sidikila mapepala, ndipo omanga ankafuna kuti mizati ya mlatho iime madzi asanabwele. Apolisi anafika kamodzi kudzachenjeza kuti zikhomo zikazulidwanso anyamula munthu. Mukudziwa kuti a Kondwelani amakhala muno ndi chitupa cha chilolezo. Munthu wotelo akalowa m'chitokosi, nkhani siithela pa zikhomo.

Amene anatimasula ndi amake Chance. Tsiku lina ananyamuka ndi mwana n'kunena kuti akukaona abale kwawo ku Kacholola. A Kondwelani anaganiza kuti mkazi watopa ndi mikangano wawathawa, ndipo masiku amenewo ankangodya mbatata zootcha. Loweluka lotsatila, ine ndili pomwepo, tinamva njinga yamoto. Anali amalume awo a Immaculate, a Teddy Ngoma, aja ogulitsa nthochi pamseu waukulu, olankhula ngati wailesi. Mwawakumbukila, ndi amene anavina paukwati wa a Kondwelani mpaka nsapato kung'ambika. Kumbuyo kwawo kunali amake Chance, fumbi lili mpaka m'nsidze.

Tinakhala pansi pa mango. A Ngoma anayamba ndi mtengo wa feteleza, anadzela ku mpila, anafika mpaka pa mano awo owawa. Pomaliza amake Chance anawadula.

"Amalume, lekani nikambe nekha," anatelo. Anatembenukila kwa amuna awo. "Atate ake Chance, amai aja ninawasambika ine. Ninawatembenuza pamphasa miyezi yonse ya matenda, ninawamwetsa phala na sapuni. Munthu amene wamusambika chonchija salinso mlendo. Pamiyala paja sakagona ngati wopanda abale. Kwathu nakamba nawo onse, malo alipo pafupi na amai anga. Anali kuchezelana kuno ali moyo, akachezelanenso."

A Kondwelani anayang'ana pansi. "Ndiye ine ndizilipila basi kuti ndikaone manda a amai anga?"

"Basi yachani, apongozi?" anatelo a Ngoma. "Munda wa mwana uyu uli kumela udzu zaka zonsezi. Takuitanani mpaka mau kutha. Kololani za chaka chino, mubwele."

"Munthu wa imvi kukayamba chikamwini?"

"Imvi ndiye zimalima bwino, sizithamangila kumowa."

Palibe amene anaseka kupatula iwo eni. A Kondwelani ananyamuka osatsazika n'kulunjika kumanda. Anakhalako mpaka dzuwa kupendeka. Sindikudziwa chimene anakambilana ndi amai, ndipo sindinafunse. Atabwelako analowa kudimba, anazula zikhomo zonse za m'matimati, anazimanga mtolo, anasenza n'kukazitula pakhomo pa msasa wa omanga mseu. Amake Chance anangogwila m'chiuno akuyang'ana matimati awo ali lambalamba pansi, n'kunena kuti, "Basi, boma latenga zake."

Tinawafukula amai Lachisanu la sabata yatha, m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Panali wa zaumoyo wochokela ku boma, akatekisiti, ndi azimai a mpingo atavala zoyela zawo. Omanga mseu anazimitsa makina onse tsiku limenelo. Adzukulu anakumba, ife azimai tili chapatali kuimba. Ndinali ndi mantha ndi chimene tidzaone, koma patapita nthawi a Kondwelani anatuluka pagulu la amuna n'kundikodola ndi dzanja. Ndinayandikila. Atate, bokosi lanu linali lathunthu. Lada, chivundikilo chaphwanyika pang'ono pakona, koma matabwa anagwilana monga munawalumikizila. Sipanafunike kuwatulutsa amai. Omanga anali atabweletsa bokosi latsopano, koma lanu silikanalowamo, ndiye a Kondwelani anatenga matabwa otsala mushedi yanu n'kukhoma chithatha chonyamulila. Amai achoka m'nyumba imene munawamangila inu, osatulukamo.

Pali china choti mudziwe. Pangodya pomwepo panali manda ena a anthu akwanu amene abale awo anabwelela onse nkhondo itatha. Amenewo analibe wowaimila, ndipo anapita kugomo kuja. Mmodzi mwa iwo anali a Zuze, mnzanu uja munkatiuza kuti anakunyamulilani a Kondwelani paphewa pamene amai anatupa miyendo panjila yothawa. Wa zaumoyo anafunsa kuti mwini wa malilo awa ndani. Kenaka a Kondwelani anati, "Ndine." Ineyo ndinati, "Ndife." Tinawapelekeza mpaka kugomo, tinathila dothi, ndipo mtanda wawo ndaulipilila kale kwa mmisili wa ku boma. Kugomoko si koipa monga tinkaganizila. Kuli mphepo yabwino ndipo mtsinje wonse umaoneka.

Amai tinawakweza pa lole ya omanga mseu, titamangilila nthambi zaziwisi kutsogolo ndi kumbuyo. Tinadutsa pa boma la Petauke, tinalowa mseu waukulu wa ku Lusaka. Ndili pamwamba pa lolepo ndinakumbukila kuti amai chifikile m'dziko muno sanapitililepo Petauke. Ankati tsiku lina adzapita kukaona kumene mabasi onsewa amathela. Pa Nyimba tinaima kuti dalaivala athile mafuta. Azimai ogulitsa nthochi anathamangila lole monga amachitila, mabeseni ali pamutu, koma ataona nthambi ndi bokosi lakudalo anabwelela m'mbuyo. Mmodzi anafunsa amake Chance kuti ndani watisiya. Anayankha kuti, "Ni apongozi anga, tikuwapeleka kwathu." Mzimaiyo anatula phava lathunthu la nthochi m'lolemo n'kuchoka.

Kumudzi kwawo kwa amake Chance, kuseli kwa Kacholola, tinapeza manda okumba kale ndi anthu odzaza bwalo. Ine ndinkayesa kuti tidzangofika anthu ochepa, n'kukwilila mwakachetechete. Ayi. Azimai anatichingamila panjila ndi kulila ngati amai amwalila mailo lomwe, ena mwa iwo osawaonapo n'kamodzi komwe. A Ngoma, aja osatha mau, atapatsidwa mpata wolankhula anangoti, "Mlongo wathu wafika," n'kukhala pansi. Malowo ndi abwino, Atate. Pali mthunzi wa misuku, dothi n'lofewa. Mtanda wanu uja tinabwela nawo ndipo tauzikanso. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kumwela umaona mapili, ndipo anthu akumeneko amati kuseli kwake ndi kwanu.

Lolemba ndinabwelela kuntchito. Tinali mu ofesi ya khonsolo, tikulowetsa mu kompyuta zonse zokhudza mseu wa ku Nyamatondo: miyala, simenti, mafuta a makina, malipilo a anthu. Ndinafika pa mzele wolembedwa kuti kusamutsa manda. Ndinafunsa a Mumba kuti umenewu upita mbali iti, ya ufa kapena ya sowo. Anavula magalasi n'kunena kuti malamulo amene maiko onse a m'kafukufukuyu anagwilizana amati chilichonse cholipilidwa kuti mseu udutse chimawelengedwa ngati mbali ya mseuwo. Anati, "Ukafuna ndilowetse ine." Ndinakana. Ndinalowetsa ndekha. Choncho ulendo wa amai wa ku Kacholola tsopano uli m'kati mwa nambala ya zimene Zambia waika pa zinthu zokhalitsa chaka chino. Nambalayo idzaima pambali pa ya Malawi, ya Tanzania ndi ya Mozambiki, ndipo anthu a kutali adzaiyang'ana n'kunena kuti awa akuyesetsa kapena awa akugona. Sinama nambalayo. Mlatho udzaimadi, ndipo ndaona ndi maso anga mizati ikutuluka m'thanthwe. Koma ndinamufunsa mnzanga wa ku Tete pafoni ngati nayenso ali ndi mzele wotelo m'mapepala ake, ndipo anati ulipo, sanauganizilepo. Ndapempha a Mumba kuti m'lipoti lathu tilembe padela, dziko ndi dziko, mabanja amene anasuntha nyumba kapena manda kuti zomangazi zitheke. Ati adzakamba ndi akuluakulu, salonjeza.

Pa foni ija ya Pasaka munandiseka kuti, "Ukamaliza kuyezako undiuze dziko lopambana, ndidziwe ngati ndinachita bwino kubwelela." Lipoti silinatuluke, ndipo sindiloledwa kuulula manambala. Koma ngakhale likadzatuluka, funso lanulo silidzayankhidwa mmenemo. Lidzakuuzani kumene kwamangidwa milatho yambili poyelekeza ndi chuma cha dzikolo, ndipo zimenezo n'zofunika, chifukwa boma losayezedwa limagona tulo. Koma za kubwelela kwanu, yankho muli nalo ndinu. Ife kuno sitinakuimbenipo mlandu. Munda wa agogo unafunika mwini.

Tsopano pempho langa. Tachita chinthu chachikulu popanda mau anu, pa mkazi wanu, amene munalonjeza kudzamutenga. Sindinena kuti tinalibe kuchitila mwina, chifukwa tikanatha kuumilila mpaka apolisi abwele, ndipo mwina ena akanatiyamika. Tinasankha. Ngati mtima wanu ukadali pa kuwatengela amai kwanu, nenani, ndidzayamba kuyenda m'maofesi mvula ikatha, ndipo a Ngoma ati sadzatsekeleza. Koma ndikupemphani kuti musanagamule mubwele mudzaone pomwe agona ndi anthu amene awalandila. Bwelani ngakhale sabata imodzi. Chance wayamba giledi yoyamba, ndipo amauza anzake kuti ali ndi agogo a ku dziko lina amene amapanga mipando, koma nkhope yanu amangoidziwa pachithunzi.

Ndinalekeza kulemba apa mailo madzulo, ndi maganizo oti lelo ndikwele basi kupita ku mlatho wa Luangwa kukafuna munthu wa nsomba wokhulupilika. M'mawa uno ndikutuluka pageti ya nyumba ya alendo imene tikugona, ndapeza a Kondwelani atakhala pamwala, atavala jekete ya kutchalitchi, kachikwama kali pamiyendo. Anyamuka kumudzi kusanache.

"Walemba?" anandifunsa. Aka n'koyamba kundiyamba okha kulankhula chichokele tsiku lija.

Ndinati ndatsala pang'ono kumaliza.

"Maliza. Nkhani ya amai siyenda ndi anthu a nsomba."

Ndinawakumbutsa kuti njila saidziwa, ndiponso kuti mvula ingawatsekele kumeneko munda usanabzalidwe. Anati pakamwa ali napo adzafunsa, ndipo mbeu amake Chance adziwa pomwe zili. Chitupa chowolokela malile anatenga kale Lachinayi, osauza munthu. Panopa akhala pakhonde, akumwa tiyi amene ndawagulila, ndipo andifunsa kawili ngati kwanuko anthu adzamva chilankhulo chawo.

Choncho amene wakupatsani kalatayi ndi mwana wanu, amene anachoka kumeneko ali kumsana ndipo akubwelela koyamba ndi miyendo yake. Mukuwadziwa, adzangoti amai tinawasuntha, n'kukhala chete. Musawafunse zambili asanadye. Muwaonetse pomwe panali nyumba imene anabadwila, ngakhale patatsala chulu chokha. Kalatayi sanaiwelenge, ndiye muiwelenge mokweza iwo ali pomwepo. Ngati pali kukalipa, mutigawile tonse awili mofanana, gawo langa adzanditengela.

Amake Chance akupeleka moni, ndipo aika nsawawa zokazinga m'chikwamamo, muonetsetse kuti zafika. Chance akuti agogo abwele ndi kampando. A Ngoma akuti mphasa yanu ayala kale. Mundipelekele moni kwa azakhali ndi kwa onse amene amawakumbukila amai. Muwauze kuti agona bwino, pamthunzi, pakati pa anthu.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Rhoda.